Pemphero la mayi wapakhomo usiku ukayamba kufupika

Mayi wina wanditumizira imelo, ndipo wandilola kumuyankha poyera malinga ndisatchule dzina lake. Amakhala ndi banja lake m'dziko lina la kumpoto kwa dziko lapansi, kumene chisanu chimatenga miyezi ingapo kenako n'kubwera nyengo ya mphukira, pamene mitengo imene inayoyoka masamba imayambanso kuphuka. Mwachidule walemba motere:

"Ndili ndi ana atatu, ndipo wamng'ono sanayambe sukulu. M'miyezi yozizira ndinkadzuka kudakali mdima, n'kukhala pafupifupi ola lathunthu ndikuwerenga Baibulo ndi kupemphera ana asanadzuke. Tsopano kunja kukucha msanga, ana akudzukira limodzi ndi ine, madzulo akuchedwa kugona, nyumba yonse ikufunika kukonzedwa, kadimba kakundidikira, ndipo ola langa lija latha. Ndikuona ngati ndasanduka Marita. Isitala yayandikira, anzanga akukamba za chimwemwe cha kuuka kwa Ambuye, koma ine ndikungomva kutopa. Ndaganiza zowerenga Baibulo lonse m'masiku 90 kuti ndibweze zimene ndataya. Kodi ndabwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro?"

Zikomo kwambiri, Mayi, polemba mosabisa mawu. Kutengera zimene mwafotokozazi, sindikuona chizindikiro chakuti mwabwerera m'mbuyo, pakuti munthu amene mtima wake wazirala sadandaula kuti wasowa mpata wopemphera. Chimene chatha ndi ndandanda imene munaikonza m'miyezi ya usiku wautali, ndipo ndandanda yotere siingakhale chimodzimodzi usiku ukafupika. Ntchito imene muli nayo panopa ndi yokonza ndandanda ina yogwirizana ndi nyengo mwalowayi, n'kusiya kudziimba mlandu chifukwa cha yakale ija.

Tiyambe ndi dzuwa, chifukwa ndi limene lakulandani ola lanu. Mumzinda ngati London, usana wa pa 21 Disembala sukwana maola 8, pamene wa pa 21 Juni umapitirira maola 16, ndipo kusinthaku kumathamanga kwambiri cha m'ma 20 Marichi, pomwe usana umatalika ndi mphindi pafupifupi 4 tsiku lililonse. Ndiye kuti pa mlungu umodzi wokha mdima umachepa ndi pafupifupi theka la ola. Kuwonjezera apo, maiko ambiri a ku Ulaya amasunthira mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Marichi, pamene ku United States ndi m'madera ambiri a Canada amatero Lamlungu lachiwiri la mwezi womwewo, kotero kuti banja lonse limataya ola la tulo, ndipo kunja kumakhala kukuwalabe pa nthawi imene ana anazolowera kugona. Kukada, thupi limatulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timabweretsa tulo, ndipo kuwala kumachedwetsa timadziti. Mwana wamng'ono alibe nazo ntchito za wotchi: akangoona kuwala kukulowera m'mbali mwa katani, kwa iye kwacha, ndipo abwera kudzakukokani chovala muli pa vesi lachitatu. Makatani okhuthala osalola kuwala amathandizadi m'chipinda cha ana, ndipo ndi bwino kuwayesa, koma sangakubwezereni bata lonse la mu Januwale.

Vutoli si lachilendo mu mpingo, ndipo anthu amene anapereka moyo wawo wonse ku pemphero anakumana nalo kalekale. Benedict wa ku Nursia, amene ankakhala ku Italy m'zaka za m'ma 500, analemba malamulo oyendetsera moyo wa amonke, omwe akutsatidwabe mpaka lero. Mwina inu si Mkatolika, koma zimenezo zisakudetseni nkhawa, chifukwa munthuyu anakhalako zaka pafupifupi 1,000 mipingo ya Chipulotesitanti isanayambe, ndipo nzeru zake ndi cholowa cha Akhristu onse. Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti sanaike ndandanda imodzi ya chaka chonse. Kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa Isitala, amonke ankadzuka usiku kukaimba masalimo ndi kumvetsera mawerengo atatu ochokera m'buku. Koma kuyambira pa Isitala mpaka pa 1 Novembala, iye analamula kuti pa masiku wamba mawerengo atatu aja asiyidwe chifukwa cha kufupika kwa usiku, ndipo m'malo mwake panenedwe ndime imodzi ya m'Chipangano Chakale yoloweza pamtima. Masalimo okha, omwe anali 12, sanawachepetse. Anatembenuzanso dongosolo la m'mawa: m'miyezi yozizira amonke ankayamba ndi kuwerenga, ntchito zamanja n'kubwera pambuyo, pamene Isitala ikadutsa ankalawirira ku ntchito, kuwerenga n'kubwera dzuwa litakwera.

Taonani mmene anaganizira. Anasiyanitsa chimene sichiyenera kusiyidwa ndi chimene chingafupikitsidwe, ndipo sanauze amonke ake kuti azidzimva olakwa kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi chifukwa chowerenga zochepa. Chifukwa chimene anapereka n'chosavuta kumva: usiku wafupika, basi. Ngati amuna opanda ana, opanda matewera ochapa, opanda wowadzutsa pakati pa usiku chifukwa cha malungo, analoledwa kufupikitsa mawerengo awo nyengo ikasintha, kuli bwanji mayi wa ana atatu? Benedict yemweyo analembanso kuti pemphero liyenera kukhala lalifupi ndi loyera, pokhapokha ngati chisomo cha Mulungu chikukoka munthu kuti apitirize. M'miyezi yozizira munali ndi mpata wopitiriza, ndipo muyenera kuthokoza chifukwa cha mpatawo, koma unali mphatso ya nyengo imeneyo osati muyeso wa chikondi chanu pa Mulungu.

Choncho khalani pansi mudzifunse kuti m'ola lanu lija n'chiyani chimene simungachisiye ngakhale zitavuta motani. Malangizo anga ndi akuti musunge zinthu zitatu: salimo limodzi, Pemphero la Ambuye, ndi kutchula maina a anthu a pakhomo panu ndi ena amene mukuwapempherera. Zimenezi sizipitirira mphindi 10. Musazimangirire pa wotchi, chifukwa wotchi ndi imene ikukusokonezani, koma muzimangirire pa chinthu chimene chimachitika tsiku lililonse mosalephera, monga pamene ana aakulu atuluka pakhomo kupita kusukulu, kapena pamene wamng'ono wagona masana. Kuwerenga kwakutaliko kusunthireni masana monga ankachitira amonke aja. Ndichenjezepo apa kuti mpata wa masanawu nthawi zambiri sudyedwa ndi ntchito zapakhomo ayi, umadyedwa ndi foni, imene munthu amaitenga n'cholinga choyankha uthenga umodzi koma n'kudzaiika pansi mwana atadzuka kale.

Kuloweza pamtima kukuthandizani kwambiri m'miyezi imeneyi, chifukwa mawu oloweza safuna mpando, nyali kapena manja opanda kanthu. Salimo 117 lili ndi mavesi 2 okha, Salimo 100 lili ndi 5, Salimo 23 lili ndi 6, pamene Salimo 121 ndi Salimo 130 ali ndi mavesi 8 lililonse. Mukaloweza vesi limodzi patsiku, mwezi usanathe mudzakhala ndi masalimo asanuwa m'mutu, ndipo mudzatha kuwanena mukuyanika zovala kapena mukukankha njinga ya mwana. Mwana akadzuka muli pakati pa pemphero, mukhazikeni pamiyendo mupitirize mokweza mawu pang'ono kuti naye amve, pakuti Deuteronomo 6:7 amauza makolo kuti azilankhula mawu a Mulungu kwa ana awo pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka, ndipo mpata wotere ndi womwewu. Ngati mtima ukukutsutsani kuti simukugwada, dziwani kuti msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea wa mu 325 unalamula kuti Lamlungu lililonse komanso masiku 50 a pakati pa Isitala ndi Pentekoste Akhristu azipemphera chiimirire. Mipingo yambiri lero siitsatiranso lamuloli, ndipo sindikunena kuti kugwada n'kolakwa, koma ndikufuna muone kuti mpingo wakale sunkaona pemphero la chiimirire ngati lopelewera.

Pamenepa pali chiphunzitso china chotchuka chimene sindigwirizana nacho. Mudzamva anthu akukutonthozani kuti ntchito yanu yapakhomo ndi pemphero kale, choncho musadandaule. Mawuwa ndi ozuna, koma ndi theka la choonadi, ndipo amayi ambiri amene anawalandira onse anadzazindikira patapita miyezi kuti sakulankhulanso ndi Mulungu n'komwe. Kutsuka mbale ndi kutsuka mbale, ndipo munthu angathe kutsuka mbale mtima uli wodzaza ndi mkwiyo. Anthu onena zimenezi amakonda kutchula mmonke wina wa ku France wodziwika ndi dzina lakuti Brother Lawrence, amene dzina lake lobadwa nalo linali Nicolas Herman ndipo anamwalira mu 1691. Munthuyu anagwira ntchito zaka pafupifupi 15 m'khitchini ya nyumba ya amonke ku Paris, ntchito imene mwachibadwa sankaikonda, ndipo anafika poti phokoso la m'khitchini silinkamulekanitsa ndi Mulungu. Chimene amaiwala kunena n'chakuti sanafike pamenepo tsiku limodzi, chifukwa zaka zake zoyambirira zinali za kuvutika mumtima, komanso ankakhala m'nyumba imene nthawi zopemphera zinali zoikika. Asanayambe ntchito ankapempha thandizo la Mulungu, ndipo akamaliza ankadzifufuza: ngati wachita bwino ankathokoza, ngati walakwa ankapempha chikhululukiro n'kupitiriza osataya mtima. Ntchito imasanduka pemphero munthu akaipereka kwa Mulungu mozindikira, ndipo chizolowezi chimenecho chimaphunziridwa m'mphindi zija zimene mumapatula. N'chifukwa chake mphindi 10 zija sizofunika kuzinyengerera.

Tsopano nkhani ya Marita, amene ndikuona kuti alaliki ambiri amamulakwira. Pa Luka 10:38-42 Yesu sanamudzudzule chifukwa cholandira alendo kapena kugwira ntchito. Luka akunena kuti anatekeseka ndi kutumikira kwambiri, ndipo kutekesekako kunatulukira m'mawu ake, pamene anafunsa Ambuye ngati sakusamala kuti m'bale wake wamusiyira ntchito yekha. Yesu anamuyankha za nkhawa ndi kuvutika ndi zinthu zambiri. Nkhani yake siithera pamenepo. Pa Yohane 11, Lazaro atamwalira, ndi Marita amene anatuluka kukachingamira Yesu pamene Mariya anatsala m'nyumba, ndipo ndi Marita amene anavomereza poyera kuti Yesu ndi Khristu, Mwana wa Mulungu, mlongo wake akadali m'manda. Kenako pa Yohane 12, kutatsala masiku 6 kuti Pasaka ifike, kutanthauza kuti m'nyengo ngati imene muli inuyi, Yesu anabweranso ku Betaniya, anamukonzera chakudya, ndipo Marita ankatumikira. Pamenepo palibe chidzudzulo chilichonse. Choncho mukati mwasanduka Marita, funso langa n'lakuti Marita wa tsiku liti. Chizindikiro chakuti mwafika pa Luka 10 si kuchuluka kwa ntchito, koma ndi pamene mwayamba kuwerenga mumtima amene akukuthandizani ndi amene sakukuthandizani, kumenyetsa zitseko za kabati kuti ena amve, ndi kuyamba kukayikira ngati Mulungu akukuonani. Mukazindikira zimenezo, ikani nsalu yopukutira pansi, chifukwa ntchito yogwiridwa ndi mtima wotero imasiya nyumba yoyera koma ana akuyenda monyang'ama.

Nkhani yoyeretsa nyumba nayo ikufunika kuiona bwino. M'maiko ozizira chizolowezi choyeretsa nyumba yonse chisanu chikatha chinali ndi chifukwa chake chomveka, pakuti anthu ankawotha malasha kapena nkhuni ndi kuyatsa nyali zamafuta mawindo ali otseka kwa miyezi, ndipo mwaye unkadetsa makoma, makatani ndi zofunda. Kukafunda m'pamene zinkatheka kutsegula mawindo ndi kuyanika zinthu panja. Nyumba zambiri za masiku ano zilibe mwaye wotero, koma chizolowezicho chinatsala, ndipo zithunzi za pa intaneti za makabati osanjidwa ngati m'sitolo zangowonjezera katundu pamutu pa amayi. Dzuwa la nyengo ino nalo silibisa kanthu: likalowa chopendekera pawindo m'mawa limaonetsa zidindo za zala za ana pagalasi, fumbi pansi pa mpando, ndi ukonde wa kangaude pakona imene munaisesa dzana. Zinthuzo zinalipo chisanu chonse, ndipo palibe amene anadwala nazo.

Anthu ena amagwirizanitsa kuyeretsaku ndi Pasaka wa Aisraeli, ndipo pali phunziro labwino pamenepo ngati tiwerenga mosamala. Pa Eksodo 12:15 analamulidwa kuchotsa chotupitsa m'nyumba zawo ndi kudya mkate wopanda chotupitsa masiku 7, m'mwezi wa Abibu umene umagwa m'nyengo yomweyi. Lamulolo linali la chinthu chimodzi chodziwika, linali ndi tsiku lake lothera, ndipo linaperekedwa kwa khamu lonse la Israeli, osati kwa akazi okha. Mpaka lero mabanja ambiri achiyuda amafufuza zotsalira za chotupitsa usiku wotsogolera Pasaka, ndipo ana amatengako mbali. Paulo atatenga chithunzi chimenechi pa 1 Akorinto 5:7-8, chotupitsa chimene anati chichotsedwe ndi dumbo ndi kuipa mtima, kuti chikondwerero chichitike moona mtima ndi m'choonadi. Sanatchule fumbi. Fumbi si tchimo, ndipo nyumba yosalongosoka si umboni wa mtima wosalongosoka, ngakhale alipo olemba amene amafuna kuti mukhulupirire zimenezo.

Mukandifunsa zoyenera kuyambira, ndinganene ziwiri zokha. Choyamba ndi chinyezi ndi nkhungu zakuda zimene zimamera m'makona a mawindo ndi kuseri kwa makabati m'miyezi imene nyumba inali yotseka, chifukwa zimenezo zimavutitsa chifuwa, makamaka cha mwana wodwala mphumu. Chachiwiri ndi majekete, majuzi ndi nsapato zimene ana akula nazo, zomwe ndi bwino kuzichapa ndi kuzipereka kwa amene akuzifuna m'malo mozisunga chaka china. Zotsalazo zidikire. Nyengo ino imakopa munthu kuti ayambe zonse nthawi imodzi, kupenta chipinda, kulima dimba, kusanja zithunzi za zaka khumi, ndipo akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

M'kalata yanu simunatchule bambo a anawo, ndipo zimenezo zandichititsa kuganiza. Ngati ali pakhomopo, musadikire kuti azindikire okha, komanso musawauze mophiphiritsa pa nthawi imene mwakwiya kale. Sankhani nthawi ya bata muwauze mosazungulira kuti mukufuna theka la ola, kawiri kapena katatu pa mlungu, loti mutseke chitseko iwo ali ndi ana, ndipo mutchule masiku ake ndi nthawi yake. Pempho lotero ndi losavuta kuliyankha kusiyana ndi dandaulo lakuti palibe amene amakuthandizani. Ana aakulu aja nawonso angathe kupukuta magalasi amene anawadetsa okha. Kumbukiraninso amayi amene anatsatira mtembo wa Yesu mpaka kumanda. Luka 23:56 akunena kuti anabwerera n'kukonza zonunkhira ndi mafuta, ndipo pa Sabata anapumula monga mwa lamulo, ngakhale kuti ntchito imene inkawadikira inali yofunika kuposa ntchito iliyonse ya m'nyumba mwanu. Loweruka lotsogolera Isitala lisakhale tsiku lokolopa mpaka pakati pa usiku, n'kukafika kutchalitchi m'mawa mwake mukuwodzera.

Za kusamva chimwemwe, ndikufuna kukhalitsapo pang'ono, chifukwa ndikuganiza kuti apa m'pamene pali bala lenileni. M'maiko a kumpoto anthu anazolowera kuphatikiza Isitala ndi maluwa, mbalame ndi dzuwa, mpaka zimaoneka ngati Mkhristu weniweni ayenera kumva mumtima zimene zikuchitika m'mitengo. Tsiku la Isitala limawerengedwa potengera Lamlungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Marichi, ndipo m'mipingo ya Katolika ndi ya Chipulotesitanti limagwa pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo. Koma pa tsiku lomwelo Akhristu a ku Johannesburg, Sydney ndi Buenos Aires amakhala akulowera m'nyengo yozizira, masiku akufupika, ndipo uthenga umene amalalikira ndi womwewo. Kuuka kwa Khristu ndi chinthu chimene chinachitika, ndipo sikudalira nyengo ya kunja kapena nyengo ya mumtima mwanu.

Werengani bwino nkhani za m'mawa wa tsiku limenelo, mudzapeza kuti chimwemwe sichinafike nthawi imodzi kwa onse. Pa Marko 16 amayi ankapita kumanda akufunsana nkhani ya ntchito, yakuti ndani awakunkhunizire mwala, ndipo atamva uthenga wa kuuka anathawa akunjenjemera ndi mantha. Mariya wa ku Magadala anaima kunja kwa manda akulira, ndipo ataona Yesu anamuyesa wosamalira munda. Awiri opita ku Emau ankayenda nkhope zili zakugwa Yesu ali pambali pawo. Tomasi anakhala mlungu wathunthu anzake akukondwera iye asanaone kanthu, komabe sanachoke pakati pawo, ndipo n'chifukwa chake analipo pamene Ambuye anabweranso. Mpingo unapatsa Lenti, nyengo yosala ndi kulapa yokonzekera Isitala, masiku 40, koma nyengo ya Isitala unaipatsa masiku 50, choncho simukukakamizidwa kumva zonse m'mawa umodzi. Ngakhale Brother Lawrence uja, chimene chinamutembenuzira kwa Mulungu ali ndi zaka 18 chinali mtengo wopanda tsamba ndi limodzi lomwe pakati pa chisanu, umene anauyang'ana n'kuganiza kuti posachedwa udzaphuka masamba, maluwa ndi zipatso, ndipo pamenepo anazindikira mphamvu ndi chisamaliro cha Mulungu. Pitani kutchalitchi pa Isitala, muimbe nyimbo za kuuka ngakhale mtima uli zii, pakuti kuimba zoona pamene simukuzimva si chinyengo. Chinyengo ndi kuuza anzanu kuti mukumva zimene simukumva.

Komabe kutopa kuli ndi zifukwa zina zimene pemphero lokha silingaziulule. M'nyengo ino mungu wa mitengo, ndipo pambuyo pake wa udzu, umadzaza mumpweya, ndipo anthu ambiri amayetsemula, maso n'kumayabwa, mphuno n'kutsekeka usiku mpaka osagona bwino, pamene mankhwala ena a vutoli nawonso amabweretsa tulo masana. Kuchepa kwa magazi, kumene n'kofala kwa amayi a msinkhu wobereka, komanso vuto la chithokomiro, zimafooketsa munthu pang'onopang'ono mpaka n'kuyamba kuganiza kuti ndi ulesi. Ngati kutopaku kwapitirira milungu iwiri, ndipo zinthu zimene munkakondwera nazo sizikukusangalatsaninso, kapena mukumangolira popanda chifukwa chodziwika, kaonaneni ndi dokotala mumufotokozere zonse monga mwandifotokozera ine. Eliya atathawira m'chipululu n'kupempha kuti afe, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, anamulola kugonanso, n'kumudzutsa kachiwiri kuti adye, ndipo mawu a Mulungu anadzabwera pambuyo pake ku Horebu.

Chotsala ndi ganizo lanu la masiku 90, ndipo yankho langa n'lakuti musaliyambe panopa. Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189, kutanthauza kuti mungafunike kuwerenga mitu yoposa 13 tsiku lililonse, ndipo zimenezo zimafuna pafupifupi ola lomwelo limene mukuti latha. Mudzayamba ndi changu, mudzatsalira cha ku Levitiko, ndipo pofika mu Meyi mudzakhala ndi mlandu watsopano wodziimba pamwamba pa wakale. Amene amalima m'maiko ozizira amadziwa kuti mbande yanthete siiokedwa panja tsiku loyamba limene dzuwa lawala, chifukwa chisanu cha usiku chimatha kubwerera ngakhale mu Epulo n'kuipsereza, ndipo malonjezo aakulu opangidwa munthu atatopa amathera momwemo. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu anu akuti mukufuna kubweza zimene mwataya, chifukwa akusonyeza ngati Mulungu akusunga kabuku ka ngongole ka maola amene munalephera. Ndondomeko ya masiku 90 ndi yabwino, ndipo mungadzaiyambe mu Novembala usiku ukadzatalikanso.

M'malo mwake yesani izi. Kuyambira kalekale mipingo imawerenga buku la Machitidwe a Atumwi m'nyengo ya Isitala, ndipo yambiri imawerenganso Uthenga wa Yohane m'masiku omwewo. Yohane ali ndi mitu 21, Machitidwe ali ndi mitu 28, zonse pamodzi ndi mitu 49. Mukayamba pa Lamlungu la Isitala n'kumawerenga mutu umodzi patsiku, mudzamaliza Loweruka lotsogolera Pentekoste, ndipo pa Pentekoste penipenipo mungabwerere ku Machitidwe 2. Mitu yambiri imatha m'mphindi zosakwana 10, ndipo yaitali, monga Yohane 6 wa mavesi 71, mungaigawe pawiri, masana ndi madzulo. Powerenga Machitidwe muzikhala ndi pensulo, muzilemba mzere paliponse pamene patchulidwa mayi ndi nyumba yake: Dorika wa ku Yopa amene akazi amasiye anaonetsa Petro malaya amene ankawasokera, Mariya amake a Yohane Marko amene m'nyumba mwake abale ankapempherera Petro ali m'ndende, mtsikana Roda amene anaiwala kutsegula chitseko chifukwa cha chimwemwe, Lidiya wogulitsa nsalu zofiirira ku Filipi amene anaumiriza Paulo ndi anzake kuti akakhale kunyumba kwake, ndi Priskila amene pamodzi ndi mwamuna wake anafotokozera Apolo njira ya Mulungu molongosoka. Tsiku limene mwalephera kuwerenga musadzawirikize mawa lake, ingopitirizani pamene munalekezera, ndipo ngati zimenezo zikutanthauza kuti Paulo adzafika ku Roma m'kati mwa Juni, palibe chimene chawonongeka.